Mapiri a moto amene anazima kalekale: yankho kwa mphunzitsi wa ku Santhe

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu. Alemba kuti: "Ndikuphunzitsa za mapiri ophulika ndi zivomezi. Ndinawerenga kuti zilumba za Cuba, Jamaica ndi Puerto Rico zinabadwa ndi mapiri a moto, koma lero kulibe ngakhale limodzi lophulika. Mtsikana wina m'kalasi anandifunsa kuti akatswiri adziwa bwanji, popeza kunalibe munthu woona. Mnzake anawonjeza kuti nanga phiri la Kasunguli silidzatiphulikira? Ndinawalonjeza kuti ndikafunsa."

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo ana awiriwo mukawathokoze m'malo mwanga. Ndiyambe ndi wamanthayo kuti mtima ukhale pansi: phiri la Kasungu silidzaphulika. Chifukwa chake ndichinena kumapeto, pakuti chimamveka bwino munthu akayamba wamva za zilumbazo. Funso la mtsikanayo ndilo lalikulu, ndipo ndi funso lomwelo limene linasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 50. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti makontinenti amasuntha, anzake ambiri anamukana, ndipo mfundoyi inadzavomerezedwa m'zaka za m'ma 1960, anthu atayamba kuyeza pansi pa nyanja zamchere.

Tiyerekeze mphika wadothi wong'aluka paliponse, koma mapale ake akadali ogwirana. Kunja kwa dziko lapansi kuli choncho. Mabuku amati ma plate, ine pano ndiziti mapale. Phale lililonse ndi lochindikala makilomita pafupifupi 100, ndipo lakhala pamwamba pa mwala wotentha umene mabuku amautcha mantle. Apa pali chinthu chimene ndikupempha kuti mukakonze m'mitu mwa ana. Zithunzi za m'mabuku zimapaka mantle utoto wofiira, ndiye ana amaganiza kuti pansi pathu pali nyanja ya moto ndipo ife tikuyandama ngati bwato. Si choncho. Mantle ndi mwala wouma gwa. Kungoti chifukwa cha kutentha umanyumwa pang'onopang'ono, monga phula la njuchi losiyidwa padzuwa: ukalimenya limasweka, ukalisiya masiku limaphwatalala lokha. Mwana akamva zimenezi amafunsa yekha kuti, nanga chiphalaphala cha moto chimachoka kuti ngati pansi pali pouma? Akafika pamenepo ndiye kuti phunziro layamba.

Mapale ali ndi zikopa zamitundu iwiri. Cha kumtunda, monga chathu chino, ndi chochindikala makilomita pafupifupi 35 ndipo miyala yake ndi yopepukirapo. Cha pansi pa nyanja ndi chopyapyala, makilomita 7 okha, koma mwala wake wakuda, basalt, ndi wolemera. Chikopa cha pansi pa nyanjachi chimabadwira m'ming'alu ya pakati pa nyanja, monga umene wadutsa pakati pa Atlantic kuchoka kumpoto mpaka kummwera. Chimabadwa chotentha, n'kumasunthira kumbali, n'kumazizira, ndipo chikamazizira chimalemera. Pakapita zaka mamiliyoni ambiri chimalemera kuposa mwala umene chakhalapo. Chikapeza polowera, chimapinda mutu n'kumira pansi pa phale linzake. Kumirako ndiko subduction.

Munaonapo chitenje chonyowa choyanikidwa pachingwe, mbali imodzi italendewera kwambiri? Palibe amene amachikoka. Mbali yolendewerayo imakoka yotsalayo mpaka chonse chatsetsereka. Phale lomira limachitanso chimodzimodzi: gawo limene lamira kale limakoka lotsala kumbuyo, ndipo mphamvu imeneyi ndiyo yaikulu pa zonse zimene zimayendetsa mapale. N'chifukwa chake pansi pa nyanja zikuluzikulu simupeza mwala wopitirira zaka pafupifupi 200 miliyoni, pamene kwa anansi athu ku Zimbabwe kuli miyala ya zaka zoposa 3,000 miliyoni. Pansi pa nyanja pamamezedwa, kumtunda kumatsala.

Palibe munthu anatsikako kukaona phale likumira. Anatiululira ndi zivomezi. Kiyoo Wadati wa ku Japan, ndipo pambuyo pake Hugo Benioff wa ku America, anaona kuti zivomezi za m'madera otere sizichitika mwachisawawa. Pafupi ndi chigwa chakuya cha m'nyanja zimachitikira pamwambamwamba, ukamapita kuseri kwa zilumba zimanka zizamirazamira, mpaka zina makilomita 700 pansi. Ukazilemba pa pepala zimandanda motsetsereka ngati denga la nyumba. Denga limenelo ndi phale lenilenilo.

Tsopano chiphalaphala. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira ndithu, amaganiza kuti mapale akamakhulana amatentha n'kusungunuka. Ayi. Phale lomira ndi lozizira kuposa malo amene likulowamo. Chimene limatenga ndi madzi. Lakhala pansi pa nyanja zaka mamiliyoni, madzi analowa m'ming'alu mpaka kumangika m'kati mwenimweni mwa miyala, ndipo pamwamba pake pali matope. Likafika pa kuya kwa makilomita pafupifupi 100, ngati mtunda wochoka ku Lilongwe kufika cha ku Mchinji koma cholunjika pansi, kupanikizika ndi kutentha kumafinya madziwo, n'kukwera kulowa mu mantle yotentha imene ili pamwamba pake. Funsani ana anu kuti amayi amathiriranji chidulo m'ndiwo. Moto ndi womwewo, nkhuni sanawonjezere, koma masamba amene akanalimba amafewa msanga. Madzi amachita zomwezo ku mwala wotentha: umasungunuka pa kutentha kumene pakanapanda madzi ukanakhalabe wouma. Sumasungunuka wonse, pang'ono chabe, koma pang'onopo ndi popepuka, motero pamakwera, n'kusonkhana, n'kuboola pansi pa nyanja. Phiri limayamba kukula m'madzi, mumdima, kufikira tsiku lina nsonga yake yatulukira. Chilumba chabadwa.

Popeza madziwo amafinyika pa kuya kofanana m'litali monse mwa phale, mapiri amabadwa mondandana. Ndipo mzerewo umakhota ngati uta. Tengani dzungu, mulilowetse mpeni mopendeketsa: chilonda chake pa khungu sichiwongoka, chimakhota. Dziko ndi lobulungira, choncho phale lolowa mopendekeka limasiya mzere wokhota. Tsegulani mapu m'kalasi muone uta wa zilumba zing'onozing'ono za kummawa kwa Caribbean, nyanja yomweyo imene muli Cuba ndi Jamaica, kuchoka ku Grenada kukwera mpaka ku Saba ndi Anguilla. Ndi makilomita pafupifupi 850, kuyandikira kutalika kwa Malawi yense kuchoka ku Chitipa kufika ku Nsanje. Pamenepo pansi pa Atlantic pakumira kunsi kwa phale la Caribbean, masentimita awiri pa chaka. Chikhadabo chanu chimakula msanga kuposa pamenepo. Koma auzeni ana achulukitse masentimita awiri ndi zaka 50 miliyoni, apeza makilomita 1,000.

Madzi omwewo amene amabala mapiriwa ndi amenenso amawachititsa kukhala aukali. Chiphalaphala cha mapiri a m'mauta n'cholimba, chonanda, ndipo n'chodzaza nthunzi ndi mpweya. Phala lamadzimadzi likamawira limangobwata mwakachetechete, koma likayamba kulimba limalavula, n'kukuwotcha padzanja. Onjezanipo thobwa lotsekeredwa m'botolo masiku atatu. Pa 8 Meyi 1902 phiri la Pelée pa chilumba cha Martinique linatulutsa mtambo wa phulusa lamoto ndi mpweya umene unatsika m'phiri mothamanga kuposa galimoto. M'mphindi zochepa mzinda wa Saint-Pierre unatha, anthu pafupifupi 28,000. Mwa ochepa kwambiri amene anapulumuka munali mkaidi amene anali m'kachipinda ka makoma ochindikala. Pa chilumba cha Montserrat phiri la Soufrière Hills linadzuka mu Julayi 1995, likulu lawo la Plymouth linakwiririka ndi phulusa ndi matope, ndipo mpaka lero simukhala munthu. Koma onani za ku St Vincent mu Epulo 2021: akatswiri anali akuliyang'anira phirilo, anachenjeza, anthu masauzande ambiri anasamutsidwa kuphulika kwakukulu kusanayambe. Ine nkhani imeneyi ndimaikonda, chifukwa imasonyeza kuti maphunziro a miyala amapulumutsa anthu enieni, okhala ndi mbuzi zawo ndi minda yawo ya nthochi.

Ku Indonesia ndi ku Philippines nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko mapale amathamanga kuposa ku Caribbean. Tambora anaphulika mu 1815, ndipo chaka chotsatira mbewu zinakanika ku Ulaya ndi kumpoto kwa America chifukwa cha kuzizira. Krakatau mu 1883 anapha anthu oposa 36,000, ambiri ndi mafunde. Pinatubo mu 1991 anaziziritsa dziko lonse ndi pafupifupi theka la digiri. Chivomezi cha pa 26 Disembala 2004 kufupi ndi Sumatra chinali phale lomira limene linakodwa nthawi yaitali kenaka n'kudumpha kamodzi, ndipo mafunde ake anafika mpaka ku Somalia, Kenya ndi Tanzania.

Awa ndi mauta amoyo. Funso lanu ndi la akufa.

Uta umakhala ndi moto pokhapokha phale likumira pansi pake. Kumirako kukaima, kapena kukasuntha malo, madzi amaleka kukwera, chiphalaphala chimaleka kubadwa, mapiri amazima. Chitsanzo chapafupi chili mu uta wa kummawa kwa Caribbean womwewo. Kumpoto kwa Martinique utawo wagawika mizere iwiri. Mzere wa kumadzulo, wa Montserrat, St Kitts ndi Saba, ndiwo wamoto, zilumba zake ndi zamapiri ataliatali. Mzere wa kummawa, wa Antigua, Anguilla ndi Marie-Galante, ndi wathyathyathya, wa mwala woyera wa laimu. Koma pansi pa mwala woyerawo pali miyala ya mapiri a moto. Umenewu unali uta wakale. Moto utasamukira kumadzulo, mvula ndi mafunde zinadya mapiri akalewo, zilumba zinatitimira pang'ono, ndipo tizamoyo ta m'nyanja yofunda tinamanga matanthwe athu pamwamba. Pa chilumba cha Guadeloupe mibadwo iwiriyi yakhala moyandikana, yolekanitsidwa ndi kamtsinje ka madzi amchere: mbali imodzi phiri lofuka utsi, mbali ina chigwa cha minda ya nzimbe.

Cuba, Hispaniola (chilumba cha maiko a Haiti ndi Dominican Republic), Jamaica ndi Puerto Rico ndi agogo a zonsezi. Uta wawo unayamba zaka pafupifupi 135 miliyoni zapitazo, nthawi imene kwathu kuno ku Karonga kunkayenda zilombo zija zotchedwa ma dinosaur, zimene mafupa ake ali m'nyumba yosungira zakale ya kumeneko. Akatswiri ochuluka amagwirizana kuti utawo unabadwira kutali kumadzulo, cha kumbali ya Pacific, n'kumalowa pang'onopang'ono pa mpata wa pakati pa America wa kumpoto ndi wa kummwera, ukumeza pansi pa nyanja pamene panali kutsogolo kwake. Unayenda choncho mpaka unakumana ndi chimene sukanatha kumeza: chithanthwe chochindikala cha Bahamas, chopepuka moti sichingamire. Izi zinachitika zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Chinatsamwa pakhosi. Kumira kunaima, moto unazima, ndipo miyala inapindika n'kukwerana. Kuyambira pamenepo mapale awiriwo, la Caribbean ndi la America wa kumpoto, amangopsepsana m'mbali m'malo moti lina lilowe pansi pa linzake. Kupsepsana sikubala mapiri a moto, koma kumabala zivomezi, ndipo chija cha ku Haiti pa 12 Januwale 2010 chinachokera m'ming'alu ya mtundu umenewu.

Ndiye adziwa bwanji? Mtsikanayo mumuuze kuti wosaka nyama saona gwape akudutsa, koma amawerenga mapazi, ndowe ndi udzu wothyoka. Chimodzi chokha chikhoza kumunamiza. Zonse zikaloza mbali imodzi, amatsata.

Phazi loyamba ndi maonekedwe a mwala. Chiphalaphala chikatulukira pansi pa madzi, kunja kwake kumauma nthawi yomweyo, n'kutupa ngati pilo, n'kuphulika pambali, kutulutsa pilo wina. Zimaunjikana ngati matumba a chimanga m'nkhokwe ya sitolo, lililonse lobulungira pamwamba, kunsi kwake kolowerera pakati pa awiri apansi. Anthu anajambula zimenezi zikuchitika m'nyanja lero lino. Ndiye ukapeza mapilo omwewo m'mphepete mwa msewu pamwamba pa phiri ku Puerto Rico kapena ku Dominican Republic, pakati pawo pali timiyala tokhala ndi zigoba za tizilombo ta m'nyanja, sufunikira mboni ina kuti pamenepo panali moto pansi pa madzi.

Lachiwiri ndi zimene zili m'kati mwa mwala, ndipo ili ndikupempha mulisunge chifukwa tibwererako tikafika kwathu. Madzi ochoka m'phale lomira amanyamula zinthu zina n'kusiya zina. Amanyamula zosungunuka mosavuta monga potaziyamu ndi mtovu, koma chitsulo chotchedwa niobium sachinyamula. Choncho mwala uliwonse wobadwira mu uta umakhala wosauka niobium poyerekeza ndi zinzake, kaya ndi wa dzulo ku St Vincent kaya wa zaka 100 miliyoni ku Cuba. Chili ngati mphini: munthu akhoza kusamuka, kukalamba, kusintha chilankhulo, mphini zili pomwepo.

Zaka nazo sachita kulota. M'miyala yambiri muli timakhiristo tating'ono ngati mchenga wosalala totchedwa zircon. Tikamabadwa timatsekera uranium m'kati koma timakana mtovu. Uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika limene silisintha ndi kutentha kapena kuzizira. Ukayeza mtovu umene wapezeka m'kati ndi uranium wotsala, wapeza tsiku lobadwa. Kuti upeze tizircon tokwana pa nsonga ya supuni umaphwanya mwala wodzaza ndowa, kusinja, kusefa, kutsuka ngati wofuna golide mumtsinje. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo ndimalemekeza amene amaigwira.

Koma umboni umene ine umandigwira mtima ndi mwala wobiriwira mopita kumtambo wotchedwa blueschist. Woumba njerwa amadziwa kuti dothi lomwelo limatuluka mosiyana malinga ndi malo ake mu uvuni: ya pafupi ndi moto yakuda yonyezimira, ya pakati yofiira, ya kunja yosapsa. Miyala nayo imasunga mbiri ya kumene inaphikidwira. Nthawi zonse kuya ndi kutentha zimayendera limodzi, ukatsika kwambiri kumatentha kwambiri. Blueschist ndi wachilendo: anafinyidwa ngati ali makilomita 30 kapena kuposa pansi, koma sanapse. Malo okhawo amene mwala ungazame chotero ukadali wozizira ndi pamsana pa phale lomira. Mwala umenewu ulipo m'mapiri a Escambray ku Cuba, kumpoto kwa Dominican Republic, ndi kummawa kwa Jamaica. Unatsika ndi phale, kenaka unafinyidwira kunja ngati njere ya mango yoterera m'manja.

Palinso zidutswa za pansi pa nyanja penipeni zimene zinakankhidwira pamtunda pa nthawi ya kugundana kuja. Kummawa kwa Cuba, cha ku Moa, miyala ya mantle ili poyera. Mvula ndi kutentha kwa dera lotentha zaiwoletsa kukhala dothi lofiira ngati katondo wathu, ndipo m'dothi limenelo ndimo amakumba nickel ndi cobalt. Mgodi waukulu wa golide wa Pueblo Viejo ku Dominican Republic uli m'miyala ya uta wakalewo, pamene madzi otentha ankazungulira pansi pa mapiri n'kusiya chuma m'ming'alu. Makampani a migodi saika ndalama zawo pa nthano. Amafunafuna mauta akufa chifukwa amadziwa kuti mkuwa ndi golide zimakonda kukhala m'mizu yake.

Ndati mizu. Chulu chikagumulidwa kuti aumbe njerwa, nsonga ija imatha, koma woyang'anitsitsa amaona mayenje ndi zipinda zapansi n'kudziwa kuti apa panali chulu chachikulu. Phiri la moto nalo limatha msanga, makamaka kumene mvula imagwa kwambiri. Chotsala ndi chiphalaphala chimene sichinatuluke, chimene chinazizira pang'onopang'ono pansi n'kukhala mwala wa njere zikuluzikulu wa banja la granite. Uta ukakalamba kwambiri, mizu yokhayi ndi imene timaiona.

Apa ndiye tafika kwathu, Aphunzitsi, ndipo ndi gawo limene ndikufunitsitsa ana a ku Santhe alimve. Zilumba za m'mauta n'zopepuka, sizimira. Nyanja ikamezedwa yonse, zimakankhidwira m'mphepete mwa kontinenti n'kumatirira pamenepo, uta pa uta, ngati zigamba pa chovala. Makontinenti anakula motero. Ndipo miyala ya tsidya lija la Mchinji, kudutsa chipata cha Mwami, cha ku Chipata ndi Petauke m'dziko la Zambia, akatswiri ambiri amaiwerenga ngati mizu ya mauta amene anali amoyo zaka zoposa pang'ono 1,000 miliyoni zapitazo. Mphini zija zilimo, ndipo zircon akunena zaka. Lamba wa miyala imeneyi sanaime pa malire a boma, walowa m'chigawo chathu chapakati. Pambuyo pake, zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, nyanja zina zinatsekeka pamene chikontinenti cha Gondwana chinkalumikizana, ndipo miyala yathu inaphikidwanso, kupindidwa, kukwiriridwa pansi pa mapiri aatali amene mvula inawadya n'kuwamaliza. Chidikha cha Kasungu ndi Mchinji, ichi timalimapo fodya, mtedza ndi soya, ndi pansi pa mapiri amene kulibenso. Ine ndikaima pa thanthwe la mumtsinje wa Bua m'chilimwe, n'kuona mizere yoyera ndi yakuda yopindikapindika ngati ndodo yaviikidwa mu uchi, ndimadziwa kuti ndaponda malo amene kale anali makilomita ambiri pansi. Cuba ndi uta wakufa umene ukuonekabe nkhope. Wathu unafa kalekale kuwirikiza koposa kakhumi, ndipo watsala mafupa.

Nanga phiri la Kasungu? Ilo si la banja la mauta. Ndi mwala wotchedwa nepheline syenite, chiphalaphala chimene chinakwera pa nthawi imene chikopa cha dziko chinkakokeka, n'kuzizirira pansi osatuluka, zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Laima lokha pa chidikha chifukwa miyala yolizungulira inadyeka msanga kuposa ilo, monga chitsa chotsala m'munda. Silinaunjikike kuchokera pamwamba ayi, linachita kufukulidwa. Mphini zake nazo ndi zosiyana: miyala ya m'mauta imasowa niobium, pamene ya banja ili imakhala nayo yambiri, ndipo n'chifukwa chake ku Kanyika m'boma la Mzimba, m'mwala wa mtundu womwewu, ndiko kunapezeka niobium woti n'kukumba. Pansi pa phiri la Kasungu palibe phale lomira, palibe madzi ofinyika, palibe mphika wa chiphalaphala. Moto wake unazima dziko lisanakhale ndi mtengo ngakhale umodzi.

Sindikufuna kuti ana achoke ndi maganizo akuti kwathu nthaka ili phee. Ife tili pa nkhani yotembenuza ya ku Caribbean: kumeneko mapale akukumana, kuno Africa akung'ambika. Nyanja ya Malawi, yakuya mamita pafupifupi 700, yakhala mumng'alu umene ukutseguka mamilimita ochepa pa chaka. Akasupe otentha a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta ndi zizindikiro zake. Mapiri a moto amene tili nawo pafupi ndi a ku Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanjayi. Choopsa chenicheni kwa ife ndi chivomezi, monga cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009. Zimandipweteka kuti timaphunzitsa ana mayina a mapiri a kutali, koma osawauza kuti khoma la njerwa zomangira matope, lopanda lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa mazenera, ndilo limagwera anthu, ndiponso kuti nthaka ikayamba kugwedezeka ali m'kalasi alowe kunsi kwa desiki, asapanikizane pakhomo.

Mukafuna kuti phunziroli ligwire, musalimalizire pa bolodi. Uzani mwana aliyense abwere ndi mwala umodzi wa kwawo, wochita kuswa pa thanthwe kuti mkati muoneke, osati wotola pamsewu poti miyala ya msewu imachokera kwina. Ngati kufupi akukumba mjigo, pemphani okumbawo akupatseni zinyenyeswa zotuluka m'dzenje, amazindandika pansi mamita ndi mamita, ndipo ana adzaona okha pamene katondo wathera, pamene payamba mwala wowola wothetheka m'manja, ndi pamene payamba mwala wamoyo. Muviike miyalayo m'madzi, chifukwa mwala wonyowa umaonetsa njere zake. Aiyale pakhonde padzuwa, aisiyanitse: ya mizeremizere mbali imodzi, ya njere zosakanikira ngati nsinjiro mbali ina, yoyera ngati mchere payokha, ndipo ya timapepala tonyezimira tosendeka ndi chikhadabo payokhanso. Pa uliwonse alembe mudzi umene wachokera. Ya mizere ndiyo inaphikidwa ndi kufinyidwa pansi pa mapiri aja. Ukapezeka wina wokuzunguzani, ujambuleni ndi foni pambali pa ndalama yachitsulo kuti kukula kuoneke, mutumize kuno, kapena mufunse ku nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba. Mtsikana wofunsa uja mumupatse ntchito yosunga kaundula wake.